Mutu 9: Killarney, Tauni ya Nyanja Zitatu ku Ireland

Kumwera chakumadzulo kwa dziko la Ireland, m'boma la Kerry, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Killarney. Eni ake ndi anthu 14,000 ndi kanthu basi, koma ikafika miyezi yofunda ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, mumadzaza alendo mpaka kusowa poponda. Mukamayenda m'misewu yake ikuluikulu, khomo ili ndi hotela, linalo malo odyera, lotsatira sitolo ya majuzi aubweya wa nkhosa, kwinaku oyimba akukhwekhwereza zeze wawo wachizungu m'nyumba zomwera mowa. Pakona ina pamaima ngolo zokokedwa ndi akavalo, eni ake akuitanira makasitomala.

Chimene chimakoka khamu lonseli chili kuseri kwa nyumba zomaliza za tauniyi: nyanja zitatu zolumikizana, mapiri aatali kuposa ena onse m'dzikomo, nkhalango zakalekale ndi mabwinja a nyumba zamiyala. Mlendo akangofika amaganiza kuti malowa anangokhala choncho kuyambira pachiyambi. Koma mbiri yake ikusonyeza kuti dzanja la munthu lagwira paliponse. Ena anakumba, ena anamanga, ena anabzala zimene sizinayenera kubzalidwa, ndipo lero pali ena amene akukhetsa thukuta kuti kukongolaku kusathe.

Madzi ndi mapiri

Nyanja yaikulu pa zitatuzi ndi Lough Leane, yomwe ili pafupi ndi tauni ndipo ili ndi tizilumba toposa 30. Yachiwiri ndi Muckross Lake, yocheperapo koma yozama kwambiri, mamita oposa 70. Yachitatu, Upper Lake, inabisala m'kati mwa mapiri. Madzi a nyanja zitatuzi amatuluka kudzera mu mtsinje wa Laune n'kukathira m'nyanja yamchere ya Atlantic.

Zigwa zimene mwakhala nyanjazi zinakumbidwa ndi madzi oundana. Zaka zikwi zambiri zapitazo dera lonseli linakutidwa ndi ayezi wochindikala, amene ankatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka m'mapiri, akupala miyala ndi kukokolola dothi. Atasungunuka anasiya maenje, mipata ndi miyala ikuluikulu yongoti mbwee m'zigwa. Pamalo pano pamakumananso mitundu iwiri ya miyala. Mapiri ndi a mwala wofiirira wolimba, pamene kumunsi kuli mwala wa laimu umene madzi amaudya mosavuta, n'chifukwa chake m'mphepete mwa nyanja muli timapanga ndi matanthwe obookabooka.

Chakumadzulo kuli mtandadza wa mapiri otchedwa MacGillycuddy's Reeks. Nsonga yake yaitali, Carrauntoohil, ndi ya mamita 1,038, ndipo m'dziko lonse la Ireland mulibe ina yoiposa. Mphepo yochokera ku Atlantic imabwera ndi chinyezi, ikagunda mapiriwa imakhuthula mvula chaka chonse. Chifukwa cha madzi ofunda a m'nyanja yamchereyo, chisanu cha kuno sichiluma kwambiri ngati cha madera ena a kumpoto. Ndiye mitengo imachita kuvala ndere kuyambira patsinde mpaka kunthambi, miyala nayo yobiriwira ngati yopakidwa utoto.

Okumba mkuwa, amonke ndi mafumu

Anthu anayamba kale kupezapo phindu pa malowa. Pa Ross Island, m'mphepete mwa Lough Leane, akatswiri ofukula zakale anapeza migodi ya mkuwa imene inkakumbidwa cha m'ma 2400 Khristu asanabadwe. Ndi migodi yamkuwa yakale kuposa ina yonse yodziwika ku Ireland ndi ku Britain. Okumbawo ankasonkha moto pathanthwe kuti ling'ambike, kenako n'kumaliphwanya ndi nyundo zamiyala. Mkuwawo ankasulira nkhwangwa zimene zinafika kutali, ngakhale kutsidya kwa nyanja ku Britain.

Pakati pa Lough Leane pali chilumba cha Innisfallen. Cha m'zaka za m'ma 600 amonke anamangapo nyumba yawo yopemphereramo, ndipo anthu amati anaiyambitsa ndi Finian Woyera. Amonkewa anakhalapo zaka mazana ambiri, akuphunzitsa ndi kulemba. Buku lotchedwa Annals of Inisfallen, lolembedwa pamanja m'Chilatini ndi m'chilankhulo cha Chiairishi, limasimba chaka ndi chaka za nkhondo, imfa za mafumu, miliri ndi njala. Amene amafufuza mbiri ya kumwera kwa Ireland amalidalira kwambiri. Bukulo silili pachilumbapo. Likusungidwa ku laibulale ya Bodleian ku Oxford, ndipo pa Innisfallen patsala makoma opanda denga, katchalitchi kakang'ono ka khomo losemedwa mwaluso, ndi agwape amene amadya msipu pakati pa mabwinjawo.

Kumtunda, moyang'anana ndi chilumbachi, kuli linga la Ross Castle, lomangidwa m'zaka za m'ma 1400 ndi mafumu a fuko la O'Donoghue. Ndi nsanja ya makoma ochindikala, mawindo am'munsi ang'onoang'ono ongokwana kuponyerapo muvi, ndi masitepe opapatiza ozungulira. Panali mwambi wakale wakuti lingali silidzagwa kufikira tsiku limene chombo chankhondo chidzayandame panyanjapo. Mu 1652, asilikali a Oliver Cromwell, motsogozedwa ndi Edmund Ludlow, anabweretsa mabwato kudzera mu mtsinje wa Laune n'kuwaika pa Lough Leane. Amene anali m'lingamo ataona mabwatowo anagonja. Ross Castle inali imodzi mwa malinga omaliza kugwa m'chigawo chonse cha Munster. Nthano ina imati mfumu O'Donoghue ikali moyo pansi pa nyanja, ndipo zaka 7 zilizonse, m'mawa wa pa 1 Meyi, imatuluka itakwera kavalo woyera. Oyendetsa mabwato amasimba nthanoyi nkhope ili gwa, ngati anaona ndi maso awo.

Malo amene ayenera kuwaona modekha ndi Muckross Abbey, nyumba ya abale a chipani cha Fransisko Woyera, yomangidwa cha mu 1448. Denga linapita kalekale, koma makoma akali chiimire. Munthu amalowa pakhomo lalifupi, n'kudutsa m'kanjira kamdima konunkha chinyezi, kenako mwadzidzidzi amatulukira pabwalo laling'ono lozunguliridwa ndi makonde amiyala mbali zonse zinayi. Pakati penipeni pamera mtengo umodzi wa yew. Thunthu lake ndi lofiirira, lopotana ngati chingwe, ndipo nthambi zake zinakwera kupitirira makoma n'kuphimba bwalo lonse. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mtengowu ndi wamsinkhu umodzi ndi nyumbayo. Pansi pa makoma amenewa pagona mafumu a m'derali pamodzi ndi alakatuli otchuka a Chiairishi, Aodhagán Ó Rathaille ndi Eoghan Rua Ó Súilleabháin. Manda a panja akugwirabe ntchito mpaka lero.

Mmene alendo anayambira kubwera

Bizinesi ya alendo ku Killarney ili ndi mwini wake. Cha m'ma 1750, Thomas Browne, mwini minda wa banja la Kenmare, anaona kuti nyanja ndi mapiri zikhoza kubweretsa ndalama. Anakonza misewu, analimbikitsa anthu kumanga nyumba zogona alendo, ndipo anaika mabwato panyanja. Olemera a ku England ndi ku Dublin anayamba kubwera, olemba ndi ojambula n'kumafalitsa mbiri ya malowa.

Komatu chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nthaka yokongolayi inali m'manja mwa mabanja awiri, a Browne ndi a Herbert, pamene anthu wamba ankalima timinda tobwereka n'kumalipira lendi. Chakudya chawo chinali mbatata ya kachewere, m'mawa, masana ndi madzulo. Mu 1845 matenda a chiwawu anagwira mbatatayo, ndipo inkaolera m'nthaka chaka ndi chaka. Pofika 1852, anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa m'dziko lonse ndi njala ndi matenda, enanso oposa 1 miliyoni atathawira kunja, makamaka ku America ndi ku Britain. Boma la Kerry linali limodzi mwa madera amene anavutika koposa.

Chipsera cha njalayi chimaoneka pa tchalitchi chachikulu cha St Mary's, chimene anachijambula katswiri wa zomangamanga Augustus Pugin. Ntchito inayamba mu 1842, koma inaima pa nthawi ya njala, ndipo chinyumba chosathacho chinasanduka pothawira odwala ndi anjala. Chinadalitsidwa mu 1855, nsanja yake n'kudzamalizidwa mu 1912. Pabwalo lake pali chimtengo chachikulu chimene eni tauni amati chikusonyeza manda a anthu ambiri amene anaikidwa pamodzi m'zaka zimenezo.

Njala itangotha, njanji inafika ku Killarney mu 1853, ndipo chaka chotsatira panatsegulidwa hotela yaikulu pafupi ndi siteshoni. Kenako mu Ogasiti 1861 kunabwera mlendo amene anatchukitsa tauniyi dziko lonse lapansi, Mfumukazi Victoria. Anagona masiku awiri ku Muckross House, chinyumba cha zipinda 65 chimene Henry Arthur Herbert ndi mkazi wake Mary anamaliza kumanga mu 1843. Banjali linakonzekera kwa zaka zingapo. Anagula makatani, mipando ndi mbale zatsopano, analambula njira za m'nkhalango, anakonza minda ya maluwa. Anthu amati ankayembekezera kupatsidwa udindo waulemu ngati mphotho, koma mwamuna wa mfumukaziyo, Albert, anamwalira mu Disembala chaka chomwecho, ndipo nkhani ya Killarney inaiwalika kunyumba yachifumu. Ngongole za banjali zinapitirira kukula, mpaka mu 1899 malo onse anagulitsidwa kwa Arthur Guinness, wa banja lotchuka lofulula mowa. Chikumbutso cha ulendo wa mfumukaziyo chatsala pamsewu wopita ku Kenmare, pamalo okwera otchedwa Ladies View, pomwe amayi otumikira mfumukazi anaima n'kugoma ndi maonekedwe a nyanja zili m'munsi.

Mu 1911 malowa anagulidwa ndi William Bowers Bourn, mwini migodi wa ku California, amene anawapereka ngati mphatso ya ukwati kwa mwana wake Maud ndi mkamwini wake Arthur Vincent. Maud anamwalira mu 1929. Mu 1932 mwamuna wake ndi makolo ake anapereka nyumba ndi malo onse ku boma la Ireland kuti chikhale chikumbutso chake. Umu ndi mmene inabadwira paki yoyamba ya dziko la Ireland. Pambuyo pake anaiwonjezera ndi malo amene anali a banja la Kenmare, ndipo lero Killarney National Park ndi ya mahekitala oposa 10,000. Bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika kutetezedwa chifukwa cha zamoyo zake.

Kudutsa pampata, kubwerera pamadzi

Ulendo umene alendo akhala akuyenda kuyambira nthawi ya Victoria umatenga tsiku lathunthu. Umayambira pa Kate Kearney's Cottage, pakamwa pa mpata wa Gap of Dunloe. Kuchokera pamenepo kanjira kopapatiza ka makilomita 11 kamakhotakhota pakati pa mapiri awiri, kudutsa tinyanja 5 ndi timilatho tamiyala. Ena amayenda pansi, ena panjinga, ena pangolo ya kavalo. Woyendetsa ngoloyi amatchedwa jarvey, ndipo m'mabanja ambiri ntchitoyi imachoka kwa agogo kupita kwa bambo mpaka kwa mwana. Jarvey amafunditsa alendo ake bulangete m'miyendo, n'kumayankhula njira yonse, pena kwa kavalo, pena kwa makasitomala, kusakaniza mbiri yoona ndi nthabwala mpaka munthu osadziwa pamene china chathera. Pokwera chitunda amatsika n'kumayenda pambali pa kavalo wake. M'mphepete mwa njira nkhosa zopakidwa utoto wofiira kapena wabuluu pamsana, chizindikiro cha mwini wake, zimangoyang'ana osasuntha.

Kuseri kwa mpatawu kuli chigwa cha Black Valley, chimene chinalandira magetsi m'zaka za m'ma 1970, mochedwa kuposa pafupifupi madera ena onse a m'dzikomo. Njira imathera pa Lord Brandon's Cottage, m'mphepete mwa Upper Lake, pomwe pamadikira mabwato aatali opanda denga. Amene anabwera panjinga amaikweza m'bwato momwemo.

Bwato limadutsa pakati pa tizilumba, n'kulowa mu mtsinje wabata wotchedwa Long Range. Limadutsa pansi pa thanthwe la Eagle's Nest, pomwe kale ankaliza lipenga kuti alendo amve mapiri akuyankha. Kenako madzi amayamba kuthamanga, mtsinje ukupanikizika kulowa pansi pa mlatho wakale wa Old Weir Bridge. Apa woyendetsa amasiya nthabwala, amauza aliyense kuti alowetse manja m'kati, n'kulunjika pakati pa khomo la mlathowo. Madzi akachepa kapena akachuluka kwambiri, alendo amatsika n'kuyenda pansi pang'ono, bwato n'kukawapeza kutsogolo. Kungodutsa pamenepo mwafika pa Meeting of the Waters, pamene madzi a nyanja zitatu amakumana pansi pa mitengo. Ulendo umapitirira pa Muckross Lake, n'kutulukira pa Lough Leane pomwe mphepo imautsa mafunde, mpaka kukakocheza patsinde pa Ross Castle.

Amene alibe tsiku lonse akhoza kupita ku mathithi a Torc, aatali mamita 20, omwe ali pafupi ndi msewu ndipo amakoma kuwaona mvula itangogwa kumene.

Ntchito yosaoneka pa zithunzi

Pakiyi ili ndi zamoyo zosowa. Muli nkhalango zazikulu za mitengo ya oak, zotsalira za nkhalango zimene kale zinakuta chilumba chonse cha Ireland. Ku Reenadinna kuli nkhalango ya mitengo ya yew yokhayokha, yomera pathanthwe la laimu, ndipo zoterezi n'zowerengeka mu Ulaya monse. Mu Lough Leane muli kansomba kotchedwa Killarney shad kamene sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Agwape ofiira a kuno, akuluakulu a nyanga zamphandamphanda, akhala m'derali zaka pafupifupi 5,000. Pofika 1970 anatsala ongopitirira 100, koma atatetezedwa anaswana mpaka kufika mazana angapo. Mu Okutobala amphongo amabangula m'zigwa polimbirana zazikazi, ndipo nthawi imeneyo si yowayandikira.

Mavuto aakulu a pakiyi anabwera ndi anthu okonda zokongola. M'zaka za m'ma 1800 eni minda anabzala chitsamba cha rhododendron chifukwa cha maluwa ake ofiirira. Chinapeza nthaka ndi mvula yokomera, n'kufalikira m'nkhalango monse. Chimachita zimene namasupuni amachita mu Shire: duwa lokongola pamwamba, pansi pake palibe chimene chingamere. Masamba ake amatchinga dzuwa, ziweto sizichidya, ndipo ukachidula chimaphukanso. Kuyambira 1981 anthu ongodzipereka akhala akuthandiza kudula ndi kuzula, boma nalo likuthirapo ndalama chaka ndi chaka. Mu 2017 phungu wa ku Kerry, Michael Healy-Rae, anafika pouza Nyumba ya Malamulo kuti kutumizidwe asilikali kukalimbana nacho. Agwape ena ang'onoang'ono a mtundu wa sika, ochokera ku Japan, anabweretsedwa mu 1865, ndipo pamodzi ndi ofiira aja amadya timitengo tongomera kumene, nkhalango n'kumakalamba yopanda ana. Chomera china chosowa, Killarney fern, chinatsala pang'ono kutha chifukwa alendo a nthawi ya Victoria ankachigula kukakongoletsera nyumba zawo.

Nyanja nayo inadwalapo. Mu 1997 Lough Leane inachita ndere zobiriwira chifukwa cha zonyansa zochokera m'minda, m'makola ndi m'nyumba, ndipo zinatengera alimi, eni mahotela ndi akhonsolo kugwirana manja kuti madziwo ayerenso. Mu Epulo 2021 moto unayaka masiku angapo n'kupsereza mahekitala oposa 2,000, pa nthawi imene mbalame zinali pamazira.

Palinso zolimbitsa mtima. Nkhwazi za mchira woyera, zimene zinatha ku Ireland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anazibweretsanso kuchokera ku Norway kuyambira 2007. Poyamba alimi ankaopa kuti zidzagwira ana a nkhosa, ndipo zina zinafa ndi poizoni, koma lero zikuswana m'dzikomo. Ngakhale ndowe za akavalo zinafika kukhoti. Mu 2009 oyang'anira paki analamula kuti ngolo iliyonse ikhale ndi thumba lowakha ndowe. A jarvey anakana, ponena kuti akavalo adzadzidzimuka, koma bwalo lalikulu la milandu linagamula mokomera paki mu 2010, ndipo matumbawo alipo mpaka lero. Mu Julayi 2023 Killarney inakhala tauni yoyamba ku Ireland kusiya makapu a khofi ongomwera kamodzi n'kutaya. Wogula ankabwera ndi kapu yake, apo ayi ankasiya chikole cha mayuro 2 n'kutenga kapu yobweza.

Kwa amene akufuna kukafika

Kuchokera ku Dublin, sitima yonyamuka pa siteshoni ya Heuston imatenga maola atatu ndi kanthu, ndipo kawirikawiri pamafunika kusintha sitima pa Mallow. Bwalo la ndege la Kerry lili ku Farranfore, mphindi 20 pagalimoto. Ndalama ya kumeneko ndi yuro, ndipo magalimoto amayenda kumanzere. Dziko la Ireland lili ndi chitupa chake cholowera, chosiyana ndi cha mayiko a Schengen, choncho amene ali ndi pasipoti ya Malawi ayenera kufunsira viza ya Ireland payokha nthawi ikadalipo.

Kulowa m'paki n'kwaulere. Zolipira ndi kuona m'kati mwa Muckross House ndi Ross Castle, kukwera bwato kapena ngolo, ndiponso kuyendera minda yachionetsero ya ku Muckross, komwe amaonetsa mmene alimi a ku Kerry ankakhalira m'zaka za m'ma 1930 magetsi asanafike. Mtengo wa ngolo muzigwirizana musanakwere. Njinga zobwereka zilipo zambiri m'tauni, ndipo njira yozungulira Muckross Lake ndi yosavuta. Killarney ndi poyambiranso msewu wotchuka wa Ring of Kerry, wa makilomita 179. Mukapezeka kumeneko tsiku limene timu ya Kerry ikusewera mpira wa Chiairishi pa Fitzgerald Stadium, pitani mukaone, chifukwa palibe boma lina limene latenga chikho cha dziko lonse kambirimbiri ngati Kerry. M'tauni momwemo muli chiboliboli cha wansembe Hugh O'Flaherty, amene anakulira kuno ndipo anapulumutsa anthu oposa 6,000 ku Rome pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Miyezi ya Meyi ndi Seputembala ndi yabwino chifukwa anthu amachepa ndipo malo ogona satsamwitsa mtengo. Mwezi uliwonse umene mungapite, tengani jekete lamvula ndi nsapato zolimba, ndipo phiri la Carrauntoohil musalikwere opanda wodziwa njira, chifukwa nkhungu imatsika mosachenjeza. Mukafika, yendani m'njira zoikika, musadyetse agwape, musasonkhe moto, musathyole chomera chilichonse, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo. Anthu a ku Killarney akhala akudya kuchokera m'nyanja ndi m'nkhalango zimenezi kwa zaka zoposa 250, ndipo mlendo wosamala ndi amene amawathandiza kuti ana awo adzadyenso momwemo.